Mtengo Wathyoka, Utomoni Ukutuluka

Tiwerenge pamodzi

Kuno ku Tsangano ndi ku Macanga mvula imayamba mu Novembala kapena mu Disembala. Kawirikawiri siibwera yokha. Imabwera ndi mphepo, mphenzi, ndipo nthawi zina ndi matalala. Madenga amasasuka. Chimanga chimagwa. Mitengo nayonso imavulala.

Zaka zina mphepo imakhala yaikulu kwambiri. Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana analowa m'dziko lathu la Mozambique kudzera ku Nampula, nafika mpaka kuno ku Tete. Mtsinje wa Revubue unadzaza, ndipo mlatho wake pafupi ndi mzinda wa Tete unaduka. Mu Malichi 2023 kunabweranso namondwe Freddy, amene anawononga kwambiri ku Zambezia ndi kummwera kwa Malawi. Koma mitengo yathu yambiri siithyoka ndi anamondwe okhala ndi maina. Imathyoka ndi chimphepo cha madzulo amodzi, chimene wailesi siichitchula n'komwe.

Denga timalikonza tsiku lomwelo. Chimanga timachidzutsa. Nanga mtengo? Ambiri a ife timangouyang'ana. Tikaona utomoni ukutuluka pabala timati, "Watha uwu." Kenaka timakatenga nkhwangwa.

Abambo ndi amayi, tisafulumire. Pichesi wobzala ndi njere amatenga zaka 3 kapena 4 kuti ayambe kubereka. Mango wa njere amatenga zaka 5 kapena kupitirira apo. Mitengo imeneyi imadyetsa ana. Imatipatsa ndalama ya sopo, mchere ndi makope. Nkhwangwa imamaliza zaka zonsezo pa ola limodzi. Choncho tiyambe tafunsa: kodi utomoni umenewu ukutiuza chiyani?

Utomoni si magazi

Tonse timaudziwa mlombwa, umene anzathu olankhula Chipwitikizi amati umbila. Ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi. Kachere ndi papaya amatuluka madzi oyera ngati mkaka. Paini amatuluka utomoni wonunkhira, womata m'manja. Pichesi amatuluka utomoni wonyezimira ngati uchi, umene umauma n'kukhala mibulu pakhungwa.

Munthu akataya magazi ambiri amafa. Ndiye ife timaganiza kuti mtengonso uli chimodzimodzi. Ayi. Mtengo ulibe mtima wopopa madzi ake kunja. Utomoni umene timauona pabala ndi wochepa poyerekeza ndi madzi amene mtengo umamwa tsiku lililonse. Ndiponso mtengo umautulutsa dala. Utomoni umatseka timabowo ta pabala. Umakola tizilombo tofuna kulowa. Umachedwetsa matenda. Mtengo umene ukutulutsa utomoni pa bala latsopano uli moyo, ndipo ukudziteteza.

Chikuni chouma sichituluka utomoni.

M'kati mwa mtengo

Amene munasendapo luzi mukudziwa kale zimene tinene apa. Kunja kuli khungwa louma. Pansi pake pali khungwa lanthete, kumene timatenga luzi. Tikachotsa luzi timapeza malo onyowa, oterera. Pansi pa malo oterera pali thabwa la mtengo.

Madzi ochokera ku mizu amakwera kudzera m'thabwa, makamaka mbali yake yakunja. Masamba amaphika chakudya ndi dzuwa. Chakudyacho chimatsika kupita ku mizu kudzera m'khungwa lanthete lija. Malo oterera apakati ndi amene amakulitsa mtengo chaka ndi chaka. Ndi opyapyala ngati pepala la m'buku lino, koma thabwa latsopano ndi khungwa latsopano zimachokera pomwepo.

Tsono taonani. Potsegula munda, munthu akafuna kupha mtengo waukulu osaugwetsa, amasenda khungwa kuzungulira thunthu lonse. Opanga ming'oma ya njuchi ndi makungwa a mombo amachitanso chimodzimodzi, ndipo mtengowo umauma. Chifukwa chiyani? Njira ya chakudya yadulidwa. Mizu imafa ndi njala, ngakhale masamba akhale obiriwira miyezi ingapo.

Chimene chimapha mtengo ndi kuduka kwa njira imeneyi, osati kutuluka kwa utomoni.

Mtengo supola ngati munthu

Bala la munthu limapola, mnofu umabwerera. Bala la mtengo silitero. Thabwa lovulala limakhala lovulala mpaka kalekale. Chimene mtengo umachita ndi kulitchinga. M'kati umamanga mpanda kuti kuwola kusapitirire. Kunja umamera khungwa latsopano m'mphepete mwa bala, looneka ngati milomo. Chaka chilichonse milomoyo imayandikirana, mpaka bala litatsekeka. Ocheka matabwa amapeza zipsera zakale zoterezi m'kati mwa mitengo yooneka yosalala kunja.

Ntchito yathu ndi imodzi: kusiya bala losalala, louma, laling'ono monga tingathere, kuti mtengo ulitseke wokha.

Tiyambe tadziteteza

Tisapite pansi pa mtengo mphepo isanaleke. Tiyang'ane kumwamba poyamba. Nthambi yothyoka yolendewera imagwa nthawi iliyonse. Ana ndi mbuzi achoke. Nthambi yopindika, yopanikizidwa ndi ina, imafwamphuka ngati msampha ikadulidwa. Ngati mtengo wagwera pa waya wa magetsi, tisaukhudze ngakhale ndi ndodo. Tiuze a EDM.

Utomoni wa mango umawotcha khungu, ndipo ndi woopsa m'maso. Tikaugwira tisambe ndi sopo msanga.

Kuyeza bala ndi chingwe

Si mtengo uliwonse umene ungapulumuke. Pali njira yapafupi yodziwira. Tengani chingwe kapena luzi. Zungulizani thunthu pamene pali bala. Dulani chingwecho pamene chakumana. Chipindeni pawiri, kenaka pawirinso. Tsopano muli ndi magawo 4 ofanana.

Ikani chingwe chopindacho pabala, chopingasa. Ngati bala ndi laling'ono kuposa gawo limodzi, mtengo udzalitseka popanda vuto lalikulu. Ngati lafika magawo awiri, ndiye kuti theka la njira ya chakudya laduka. Mtengo ungakhale moyo, koma udzafooka. Ngati khungwa lachoka kuzungulira thunthu lonse, mbali ya kumwamba idzauma.

Tiyang'anenso nthambi. Mtengo umene watsala ndi nthambi zoposa theka umachira. Umene thunthu lake lang'ambika pakati mpaka pansi, kapena mizu yake ikuluikulu yaduka, ndipo uli pafupi ndi nyumba, tiugwetse. Apa tisachite chisoni. Mtengo wina tidzabzala.

Mitengo imasiyananso. Bulugamu ukamudula amaphukira pachitsa. Mombo ndi mango amaphukiranso. Paini saphukira pachitsa. Thunthu lake likathyoka m'munsi, atha basi. Tichekepo matabwa kapena milimo ya denga.

Kudula nthambi yothyoka

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, choncho tiwerenge pang'onopang'ono.

Mphepo siidula bwino. Imasiya nthambi yong'ambika, ya mano mano. M'ming'alumo mumalowa madzi a mvula. Madzi akakhalitsa thabwa limawola. Chiswe chimabwera. Kuwolako kumatsika mpaka m'thunthu. Patapita zaka 2 kapena 3 mtengo umakhala ndi mphako, ndipo mphepo ina imaumaliza.

Tidikire tsiku lopanda mvula, koma tisadikire mwezi. Chida chabwino ndi sowo, imene ena kuno amati serote. Ngati palibe, chikwanje chakuthwa, katana uja, chigwira ntchito. Chikwanje chobuntha chimaphwanya khungwa. Tinole kaye.

Yang'anani pamene nthambi yatulukira pathunthu. Pali malo otupa pang'ono, ozungulira tsinde la nthambi. Ife m'phunziro lino tiwatcha khosi la nthambi. Khosi limeneli ndi la mtengo wapatali. Milomo yotseka bala imamera kuchokera pamenepo, ndipo mpanda wotchinga kuwola umamangidwa pomwepo. Tikadula mosalaza ndi thunthu, tachotsa khosi. Bala limakula, ndipo kuwola kumalowa m'thunthu. Tikasiya kachitsa katali, kamauma, kamawola, ndipo milomo imalephera kukadumpha. Tidule kunja kwa khosi, pafupi nalo, osalikhudza.

Nthambi yaing'ono tingaigwire ndi dzanja limodzi n'kuidula kamodzi. Nthambi yolemera timaidula katatu.

Koyamba, timacheka pansi pa nthambi, masentimita 30 kuchokera pathunthu. Umenewu ndi utali woposa pang'ono phazi la munthu wamkulu. Timacheka chokweza, osafika pakati pa nthambi.

Kachiwiri, timacheka pamwamba, zala zitatu kutsogolo kwa pamene tacheka poyamba. Nthambi imagwa. Khungwa likayamba kusendeka limaima pa mcheko woyamba uja.

Kachitatu, timachotsa kachitsa kotsala, kunja kwa khosi.

Wina afunsa, "Aphunzitsi, bwanji osangotema kamodzi?" Amene anatemapo nthambi ya mango kuchokera pamwamba ayankhe. Nthambi imagwa isanaduke yonse, ndipo imakoka khungwa la thunthu mpaka m'munsi. Bala la chikhatho chimodzi limasanduka bala la mkono wathunthu. Zimene mphepo inasiya timaziwononga ndi manja athu.

Nthambi zamoyo tisazidule pofuna kuti mtengo uoneke bwino. Mtengo wovulala umafuna tsamba lililonse limene watsala nalo, chifukwa chakudya chotsekera bala chimachokera m'masamba. Kukonza maonekedwe a pichesi kudikire nyengo yozizira, mu Juni kapena mu Julaye, pamene wayoyola masamba.

Pichesi ali ndi vuto lakelake. Amabereka kwambiri, ndipo mphepo za mvula yoyamba zimamupeza atalemedwa ndi zipatso. Ndiye amang'ambika pamphanda. Ngati mng'alu ndi waufupi, tithothole zipatso zina, tichirikize nthambi ndi mtengo wamphanda, ndipo timange ndi mphira wa chubu cha njinga. Tisamange ndi waya. Waya amalowa m'khungwa mtengo ukamakula, n'kuupha ngati mmene timauphera posenda. Ngati mng'alu watsika m'thunthu, tichotse mbali yaing'ono, tisiye yaikulu.

Tisamate bala

Mtima wa munthu umafuna kuphimba bala. Ena amamata matope. Ena ndowe. Ena amapaka penti, phula, kapena oilo wakuda wa galimoto. Ena amakhoma chilata. Onsewa amachita chifukwa chokonda mtengo wawo, ndipo kale ngakhale mabuku a zaulimi ankaphunzitsa kupaka mabala a mitengo.

Katswiri wina wa zankhalango wa ku America, dzina lake Alex Shigo, anacheka mitengo yambirimbiri m'litali kuti aone zochitika m'kati. Iye ndi mnzake anayesa zopakapaka zosiyanasiyana kwa zaka 13. Mu 1983 analengeza zimene anapeza: zopakazo sizinaletse kuwola.

Tiganize tokha. Bowa amamera pati? Pouma kapena ponyowa? Kuwola kwa thabwa kumabwera ndi tizilombo ta mtundu wa bowa. Penti ikauma imang'aluka. Madzi amalowa m'ming'alu, n'kukhala kuseri kwake osauma. Matope ndi ndowe zimasunga chinyezi, ndiponso zimaitana chiswe. Oilo wa galimoto ndiye woipitsitsa, chifukwa amawotcha malo oterera aja amene akanamera milomo.

Bala la mtengo limafuna mpweya. Utomoni umene watulukapo tiusiye. Tisaupale ndi mpeni. Tisauwauze ndi moto. Udzauma wokha.

Alipo mankhwala a kopa amene alangizi amalangiza pa matenda ena a malalanje ndi mapichesi. Amenewo ndi a matenda, si omatira bala la mphepo. Tisanagule tifunse mlangizi wa zaulimi, kapena ku ofesi ya SDAE ku boma la Tsangano kapena ku Furancungo.

Khungwa losendeka

Nthawi zina nthambi pakugwa imasenda khungwa, koma khungwalo likadagwirabe mbali imodzi. Ngati tafika tsiku lomwelo, likadali lonyowa m'kati, tilibwezere pamalo pake n'kumanga ndi luzi kapena mphira. Nthawi zina limagwiranso. Patapita miyezi iwiri timasule tione. Ngati lauma kale, tilidule ndi mpeni wakuthwa mpaka pamene khungwa lamamatira ku thabwa. Tisakulitse bala. Tingosalaza m'mphepete, osasiya kathumba kosunga madzi.

Matalala amasiya timabala tambirimbiri pa nthambi za pichesi, ndipo kabala kalikonse kamatuluka kambulu ka utomoni. Zimaopsa poziona. Palibe chodula apa, kupatula tinthambi tothyoka.

Mtengo wopendekeka, mtengo womenyedwa ndi mphenzi

Mtengo waung'ono, wa thunthu losaposa mkono wa munthu kunenepa, tingaudzutse nthaka ikadali yonyowa. Tikumbe pang'ono mbali imene mizu yatukuka kuti ibwerere m'malo mwake. Tiukankhe pang'onopang'ono anthu awiri. Tikwirire, tiponde, tithirire. Tikhome zikhomo ziwiri kapena zitatu, timange ndi mphira mosathinitsa. Chaka chikatha timasule. Mtengo waukulu wozuka sudzutsika.

Mphenzi ikamenya mtengo, madzi a pansi pa khungwa amawira nthawi yomweyo, ndipo khungwa limaphulika mzere kuchokera kumwamba kutsika pansi. Mitengo ina imauma pa masabata awiri. Ina imakhala moyo zaka zambiri ndi chipsera chake. Sitingadziwe tsiku loyamba. Tichotse zolendewera zokha, kenaka tidikire mpaka nyengo yophukira masamba. Ndipo tiwauze abusa athu kuti mphenzi zikamang'anima asabisale pansi pa mtengo wautali woima paokha.

Utomoni wina ndi wa matenda

Tanena kuti utomoni wa pa bala latsopano si woopsa. Koma tiziyendera mtengo wathu sabata iliyonse, chifukwa utomoni umasintha.

Utomoni woyera bwino, wonyezimira, umene ukuchepa masiku akamapita, ndi wabwino. Utomoni wosakanizika ndi utuchi ukusonyeza kuti mbozi ikuboola m'kati. Tifufuze kabowo kake, tilowetsemo kawaya kofewa kuti tiiphe. Utomoni wakuda, wonunkha, wotuluka pa khungwa lolowa m'kati, ukusonyeza matenda. Tikapala pang'ono ndi mpeni pamenepo timapeza m'kati mwa khungwa muli mofiirira, osati mobiriwira kapena moyera. Nthambi yotere tiidule m'munsi, pamene khungwa lili lamoyo, ndipo tiitenthe. Chida tichitsuke tisanapite pa mtengo wina. Kapu imodzi ya Javel m'makapu 9 a madzi ikwanira. Tikatha tichipukute kuti chisachite dzimbiri.

Utomoni wotuluka patsinde, pafupi ndi nthaka, makamaka pa lalanje ndi ndimu, kawirikawiri umabwera ndi madzi odikha. Mvula ikagwa masiku ambiri, tikumbe kangalande kochotsa madzi. Dothi limene madzi aunjika patsinde tilichotse. Tsinde lipume.

Miyezi yotsatira

Mvula ikatha, mtengo wovulala umavutika ndi chilimwe kuposa anzake. Mu Seputembala ndi Okutobala tiuthirire, makamaka ngati ndi waung'ono kapena tinachita kuudzutsa. Tiphimbire nthaka ndi udzu wouma kapena mapesi, koma tisiye chikhatho chimodzi pakati pa udzuwo ndi thunthu, chifukwa cha chiswe. Manyowa owola bwino ndi okwanira. Feteleza wambiri amatulutsa nthambi zanthete zosalimba. Moto wolusa usafike pamenepo. Mbuzi nazo zimakonda kukukuta khungwa la m'mphepete mwa bala. Titchinge ndi minga.

Pamalo odula padzamera mphukira zambiri. Tisankhe ziwiri kapena zitatu zolimba, zoloza mbali zosiyana. Zina tichotse zikadali zazing'ono. Pichesi amabereka pa nthambi zimene zinamera chaka chatha, choncho mphukira za chaka chino ndi zipatso za chaka chamawa. Mango wodulidwa kwambiri amapuma zaka 2 kapena 3 asanaberekenso bwino. Ngati mtengo ndi wolumikiza, mphukira zomera pansi pa mfundo yolumikizira tizichotse. Zimenezo ndi za tsinde, ndipo sizibereka zipatso zimene tinagulira mbande ija.

Tiwerenge ndi kulemba mawu awa

utomoni, khungwa, thunthu, nthambi, mphukira, mphenzi, mphanda, mng'alu

Mawu angati ali ndi "mph"? Tchulani mawu ena atatu oyamba ndi "mph" amene timawagwiritsa ntchito kumunda.

Tikambirane

1. Chakudya cha mtengo chimadutsa pati potsika kupita ku mizu?
2. Chifukwa chiyani mcheko woyamba umakhala pansi pa nthambi?
3. Mnansi wanu akupaka oilo wa galimoto pa bala la mango wake. Iye ndi wamkulu kwa inu. Mumuuza bwanji?
4. M'mudzi mwathu, akuluakulu ankatani ndi mtengo womenyedwa ndi mphenzi? Amene akudziwa atifotokozere.

Masamu

Chingwe chozungulira thunthu la pichesi ndi masentimita 48. Gawo limodzi mwa magawo 4 ndi masentimita angati? Bala ndi lotambalala masentimita 10. Kodi mtengowu ungalitseke?

Mlimi wa ku Ntengo wa Mbalame ali ndi mitengo ya mapichesi 15. Mphepo yathyola mitengo 6. Mwa imeneyi, 2 yang'ambika mpaka pansi. Mitengo ingati imene angaipulumutse? Adzatsala ndi mitengo ingati yonse pamodzi?

Ntchito

Aliyense apeze mtengo umodzi wokhala ndi bala, latsopano kapena lakale, pakhomo kapena kumunda. Muyeze thunthu ndi chingwe. Muyezenso bala. M'kope mwanu mulembe dzina la mtengo, mtundu wa utomoni wake, ndiponso ngati milomo yayamba kumera. Tsiku la phunziro lotsatira mubwere ndi chingwecho. Amene ali ndi sowo abwere nayo, tikayesere kudula katatu pa nthambi youma.